Ndalama za amasiye mu akaunti ya loya: lipoti la nkhani ya ku Kasungu

Lipotili lalembedwera maloya, ophunzira zamalamulo, aphunzitsi a mwambo wa ntchito ya uloya, komanso alangizi a zamalamulo a m'madera amene amakumana ndi milandu ya chipukuta misozi cha ngozi za pamsewu. Nkhani yake ndi yophunzitsira. Anthu, ofesi ya loya ndi ndalama zotchulidwa m'nkhaniyo sizikuloza munthu kapena kampani iliyonse, koma malamulo ndi mabungwe amene atchulidwa ndi enieni. Ambiri akamva nkhani yotere amathamangira pa tsiku limene loya adagwira ndalama zosakhala zake. Tsiku limenelo ndi lofunika, komabe fayiloyi idayamba kuwola kale, pa tsiku limene idatsegulidwa popanda wina kufunsa kuti ndalama zikatuluka zidzakhala za yani.

Zimene zidachitika

Bambo wina, kalipentala, adagundidwa ndi lole yonyamula fodya pa msewu wa M1 chakufupi ndi Chinkhoma, akupalasa njinga kuchokera kogula matabwa. Adamwalira tsiku lomwelo. Adasiya mkazi, ana atatu, wamkulu ali mu Sitandade 6, ndi mayi ake okalamba amene ankawagulira feteleza chaka ndi chaka. Banjali linali pa chikamwini. Malemuwo ankakhala kwawo kwa mkazi, pamene abale awo anali kumudzi kwina.

Maliro asanaikidwe, pa siwa padafika dobadoba. Sadalowe m'nyumba mmene mudali mayi wamasiye ndi amayi anzake. Adakhala panja ndi amuna, kenaka adakokera pambali mchimwene wa malemu n'kumuuza kuti ku Lilongwe kuli loya wodziwa kutulutsa ndalama ku inshuwalansi, ndipo safuna kulipidwa kanthu poyamba. Adapempha zinthu zitatu: lipoti la apolisi, chiphaso cha imfa ndi chitupa cha unzika cha malemu. Mchimwene wa malemu uja ndiye adatenga chitupacho kwa mayi wamasiye, ponena kuti chikufunika ku boma.

Patapita masabata awiri mchimwene uja adakwera basi kupita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130. Nthawi yambiri adacheza ndi kalaliki. Loya adangomuona pang'ono, n'kumuuza pakamwa kuti ofesi idzatenga 25 peresenti ya zimene zidzatuluke. Adasainira pepala la m'Chingerezi limene palibe adamuwerengera. Ofesi idamutengera kalata ya khoti yoyendetsera chuma cha masiye, idasuma ku bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe, ndipo m'mapepala a mlandu idalemba mayina a mkazi, ana atatu ndi mayi a malemu monga anthu amene ankadalira malemuwo. Mfundo imeneyi isaiwalike, chifukwa ikutanthauza kuti loya ankadziwa kuti anthuwa alipo.

Mlandu udatha pa zokambirana zoyanjanitsa mbali ziwiri, zimene malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku bwalo lalikulu a 2017 amafuna kuti ziyambe zachitika pa milandu yambiri yotere. Kampani ya inshuwalansi ndi mwini lole adavomera kulipira K12,000,000 ya chipukuta misozi ndi K2,000,000 ya ndalama zoyendetsera mlandu. Pa K12,000,000 ija, K9,000,000 inali ya kutayika kwa chithandizo chimene banja linkalandira, K2,500,000 ya kufupikitsidwa kwa moyo wa malemu, ndipo K500,000 inali yobwezera zimene zidagwiritsidwa ntchito pa maliro. Zonse pamodzi, K14,000,000, zidalowa mu akaunti ya makasitomala ya ofesi ya loya.

Mayi wamasiye adalandira K300,000 yokha kuchokera kwa mlamu wake, amene adangoti, “Alamu, zatuluka ndi zomwezi, zambiri zathera kwa maloya.” Patatha miyezi 14 chilipiridwire ndalamazo, mlangizi wa zamalamulo wa m'dera lake adamuthandiza kufunsa ku khoti, ndipo kumeneko ndi kumene adamva chiwerengero chenicheni. Atafika ku ofesi ya loya ali ndi mwana kumbuyo adati, “Bwana, ine ndine mkazi wa malemu, ndabwera kudzamva za ndalama za ana.” Kalaliki adamuyankha kuti, “Mayi, fayiloyi si yanu. Mwini wake ndi alamu anu.”

Kasitomala anali ndani

Yankho la kalaliki lija ndiye phata la nkhani yonse, ndipo si labodza kotheratu. Amene adasainira ndi mlamu, kalata ya khoti ili m'dzina lake, mlandu udasumidwa m'dzina lake. Loya akaitanidwa kuti ayankhe, chishango chake choyamba chimakhala chomwechi: ndidalandira malangizo kwa woyendetsa chuma wovomerezeka ndi khoti, ndidamulipira, zimene adachita kumudzi si mlandu wanga.

Chishangochi chimang'ambika tikayang'ana chimene lamulo limanena za ndalamazo. Milandu ya imfa yobwera chifukwa cha kusasamala kwa munthu wina imayendera lamulo la Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act. Lamulolo limalola woyendetsa chuma cha masiye kusuma m'dzina lake, koma phindu lake ndi la mkazi kapena mwamuna, makolo ndi ana a malemu. Mchimwene mulibe m'gulu limenelo. Choncho K9,000,000 ija sinali chuma cha masiye choti abale akhalirane pansi n'kugawana. Inali ndalama ya anthu asanu odziwika mayina, yoyenera kugawidwa potengera mmene aliyense ankadalira malemu: mwana wamng'ono, amene ali ndi zaka zambiri zoti aleredwe, gawo lake limaposa la wamkulu. K2,500,000 ndiyo imalowa m'chuma cha masiye, ndipo popeza malemu sadasiye wilo, imagawidwa potsata lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, limene limayamba lateteza mkazi ndi ana ku mavuto asanaganiziridwe ena. Lamulo lomwelo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. K500,000 ya maliro iyenera kubwerera kwa amene adagula bokosi, chakudya ndi kulipira galimoto, ndipo apa mlamu akhoza kukhala ndi gawo ngati adatulutsadi ndalama. Njira zonse zitatuzi zikusonyeza chinthu chimodzi, kuti mlamu anali wonyamulira ena.

Akatswiri a mwambo wa uloya amatsutsana ndithu pa funso lakuti loya wa woyendetsa chuma ali ndi udindo wotani kwa anthu amene chumacho ndi chawo koma sadamulembe ntchito. Ena amati udindo wake umathera kwa amene adamutuma, chifukwa kuuwonjezera kungachititse loya kutumikira mabwana awiri amene mawa akhoza kusumirana. Nkhawa imeneyo ndi yomveka pamene anthuwo ndi akuluakulu, odziwa kuwerenga, okhala ndi maloya awoawo. Pa fayilo ino siigwira. Atatu mwa eni ndalama ndi ana osafika zaka 18. Mayi wawo sadadziwe n'komwe kuti mlandu ulipo. Loya adagwiritsa ntchito mayina awo ndi zaka zawo powerengera chipukuta misozi, ndiye sangatembenuke n'kunena kuti sawadziwa pofika nthawi yolipira.

Palinso nkhani ya chikhalidwe imene loya wogwira ntchito m'chigawo chapakati sayenera kuiphonya. Pa chikamwini, mwamuna akamwalira, ana amatsala ndi mayi awo ndi atsibweni awo, ndipo abale a mwamuna akatha kumeta ndi kusudzula amabwerera kwawo. Munthu amene adzagule yunifolomu ndi makope si mlamu ayi. Kumpoto kwa boma lomweli la Kasungu, chakwa Kaluluma ndi Nkhamenya, mabanja ambiri amatsata chilowoka ndipo ana amawerengedwa kuchimuna, koma ngakhale kumeneko lamulo la 2011 silisintha. Funso limodzi lokha, lakuti anawa akukhala ndi yani, likadatsegula maso a ofesi.

Zoyenera pa tsiku lotsegula fayilo n'zosavuta, kungoti zimafuna nthawi. Loya aonane yekha ndi wobweretsa nkhani, aone chitupa chake cha unzika, alembe ubale wake ndi malemu. Afunse mayina a onse odalira malemu, zaka zawo, kumene akukhala ndi nambala ya foni ya aliyense wamkulu. Asanapemphe kalata yoyendetsera chuma, alankhule ndi mkazi wamasiye payekha, mlamu atatuluka panja, m'chilankhulo chimene mayiyo amamva. Ngati ulendo wa ku Lilongwe ndi wodula, foni ilipo, ndipo tsiku limene loya ali ndi mlandu ku khoti la majisitireti ku Kasungu akhoza kupangana naye. Afunse chifukwa chimene mayiyo sangakhalire woyendetsa chuma iye mwini, kapena limodzi ndi mlamu. Ngati zofuna za awiriwa zayamba kale kusemphana, loya sangaimire onse, ndipo anene pomwepo. Zimene agwirizana zilembedwe, ziwerengedwe mokweza m'Chichewa, ndipo wosadziwa kulemba adinde chala pamaso pa mboni yosakhala dobadoba kapena wogwira ntchito muofesimo.

Pomaliza mlandu, mgwirizano wokhudza ana uyenera kupita pamaso pa khoti kuti liuvomereze ndi kunena gawo la aliyense. Gawo la ana lisaperekedwe pamanja kwa wina aliyense. Lilowe mu akaunti yotsegulidwa chifukwa cha anawo, yokhala ndi osainira awiri, kapena lisungidwe monga khoti lalamulira.

Zimene leja idaonetsa

Akaunti ya makasitomala ili ngati nkhokwe imodzi imene mabanja angapo asungitsamo chimanga. Kungoona kuti nkhokwe ili ndi chimanga sikukuuza kanthu. Chofunika n'kudziwa matumba a banja lililonse, ndi kuti ukawawonkhetsa akukwana ndi zimene zilimo. N'chifukwa chake ofesi ya loya imayenera kukhala ndi maakaunti awiri osiyana ku banki, ya ofesi ndi ya makasitomala, ndiponso leja, buku lokhala ndi tsamba la ndalama za kasitomala aliyense payekha.

Tsamba la fayiloyi lidalembedwa mochedwa, dandaulo la mayi wamasiye litafika kale, ndipo lidaonetsa izi. Tsiku lotsatira chilowere K14,000,000, K2,000,000 ya zoyendetsera mlandu idasamutsidwira ku akaunti ya ofesi. Sabata yomweyo K3,000,000 idatsatira, monga 25 peresenti ya K12,000,000, popanda bilu iliyonse. K600,000 idatapidwa pa kauntala n'kuperekedwa kwa dobadoba, ndipo m'buku idalembedwa kuti ndi ya kafukufuku. K2,400,000 idaperekedwa pamanja kwa mlamu, amene adasainira pa kapepala kopanda tsiku. K4,000,000 idapita kwa kasitomala wina wa mlandu wosiyana, amene ndalama zake zidalowa miyezi yambiri m'mbuyomo koma zidathera pa lendi ya ofesi ndi malipiro a antchito, ndipo tsopano ankaopseza kukadandaula. Yotsala mu akaunti inali K2,000,000.

Cholakwa chachikulu pa zonsezi ndi K4,000,000 ija, ndipo kachitikidwe kake n'kofunika kukamvetsa chifukwa sikayamba ndi mtima wakuba. Kamayamba mwezi umene makasitomala sadalipire, eni nyumba akugogoda, loya n'kudziuza kuti angobwereka pang'ono mu akaunti ya makasitomala adzabweza sabata yamawa. Sabata yamawa ikafika, mwini ndalama uja wabwera, ndipo zomulipira zimachokera m'ndalama za amene walowa kumene. Kuyambira pamenepo ofesi imasankha yolipira potengera amene akukuwa kwambiri. Wamalonda wa mu tauni amene amadziwa kwa kadandaula amalipidwa msanga. Mayi wa kumudzi amene sakudziwa kuti ndalama zidatuluka ndiye amasanduka mpumulo wa ofesi. Cholinga chobweza sichichepetsa mlandu. Ndalama ya kasitomala ikachoka mu akaunti popanda chilolezo chake ndi popanda bilu, kulakwa kwachitika tsiku lomwelo, ngakhale itabwezedwa mawa.

Chimene chimagwira vutoli lisanakule ndi kuyerekeza mabuku mwezi uliwonse. Pa tsiku lomaliza la mwezi pamatengedwa ziwerengero zitatu: zimene sitetimenti ya banki ikusonyeza, titachotsa macheke amene sadatapidwe ndi kuwonjezera zosungitsa zimene sizidaoneke, zimene buku la ndalama zolowa ndi zotuluka likusonyeza, ndi chiwonkhetso cha masamba onse a makasitomala. Zitatuzi ziyenera kufanana mpaka tambala. Tsamba la kasitomala aliyense lisatsike kupyola ziro, chifukwa likatero ndiye kuti wadya za mnzake. Woyerekeza asakhale yemweyo wosainira macheke. Mu ofesi ya loya mmodzi zimenezi zimavuta, pakuti mwini ofesi ndiye wosainira, wolemba ndi woyang'anira, ndipo ndi maofesi oterowo amene amafunika wowerengera ndalama wakunja wobwera kawirikawiri, osati kamodzi pachaka kokha.

Kuchedwa nako kudadya ndalama za banjali. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama imene yagona mu akaunti ya loya chaka chathunthu m'nyengo ngati imeneyo imatuluka yosatha kugula matumba a feteleza kapena malata amene ikadagula poyamba. Choncho ngakhale K2,000,000 imene sidakhudzidwe ili ndi mlandu wake. Loya akalandira ndalama ayenera kudziwitsa eni ake mwamsanga, kuwapatsa chiwerengero cholembedwa ndi kuwalipira. Ngati pali chifukwa chomveka chosungira, ndalamazo zikhale pamene zikupanga chiwongola dzanja, ndipo chiwongola dzanjacho chiwerengedwe poyera.

Malipiro ndi dobadoba

Loya woyenera malipiro ake palibe akukana. Vuto ndi lakuti ofesi idadya mbali ziwiri. K2,000,000 imene mbali yoluza idalipira cholinga chake n'kupepuza wopambana pa zimene walipira loya wake. Bilu ya loya ikalembedwa, ndalama imeneyo imayamba yachotsedwa, ndipo kasitomala amangowonjezera chotsala ngati chilipo. Kutenga K2,000,000 yonse n'kuwonjezapo K3,000,000 osaonetsa ntchito imene yagwiridwa ndi kulipiritsa kawiri. Bilu yabwino imasonyeza masiku, ntchito, maola ndi zimene ofesi idalipira m'malo mwa kasitomala, monga ndalama za ku khoti ndi za lipoti la apolisi, ndipo kasitomala wosakhutira ali ndi mwayi wopempha kuti biluyo iunikidwe ku khoti. Pangano la 25 peresenti lija silidalembedwe, ndipo amene adalivomera si mwini ndalama zimene zidadulidwa.

Za dobadoba n'zachidule. Kusaka milandu kudzera mwa anthu otumidwa pa maliro, m'zipatala ndi ku polisi n'koletsedwa pa ntchito ya uloya, chimodzimodzinso kugawana malipiro ndi munthu wosakhala loya. K600,000 ija idachoka m'kamwa mwa ana, ndipo kuilemba kuti ndi ya kafukufuku ndi cholakwa china pachokha, cha kulemba bodza m'mabuku. Choipa chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti dobadoba ndiye amasankha kasitomala. Amasankha wopezeka msanga, wotha kuyenda, wosafunsa zambiri. Pa maliro munthu ameneyo amakhala wamwamuna wokhala panja.

Njira ya dandaulo

Ntchito ya uloya m'Malawi imayendetsedwa ndi lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018, limene lidalowa m'malo mwa la 1965. Pansi pa lamuloli pali bungwe la maloya la Malawi Law Society, limene ofesi yake yaikulu ili ku Blantyre, ndi komiti yoona za mwambo imene imamva madandaulo okhudza maloya. Dandaulo limapita molemba. Mayi wa m'nkhaniyi, mothandizidwa ndi mlangizi uja, akuyenera kulemba dzina la loya ndi ofesi yake, nambala ya mlandu ku khoti, ubale wake ndi malemu, ndalama zimene adamva kuti zidalipidwa ndi zimene adalandira, masiku amene adapita ku ofesi ndi zimene adauzidwa. Aphatikizepo kope ya mgwirizano wothetsa mlandu kuchokera mu fayilo ya khoti, kalata ya inshuwalansi yosonyeza tsiku ndi kuchuluka kwa malipiro, umboni wa ukwati ngakhale ikhale kalata ya amfumu kapena ya ku mpingo, ndi makadi a kusikelo kapena zikalata za kubadwa kwa ana. Mapepala enieni asunge yekha, atumize makope. Madandaulo ambiri amafooka pa chinthu chimodzi, kusowa kwa pepala lotsimikiza kuti ndalama zidalowadi kwa loya, ndiye kalata ya inshuwalansi ndiyo yoyamba kuisaka.

Loya amapatsidwa dandaulolo kuti ayankhe, ndipo ali ndi ufulu womvedwa. Mfundo za United Nations zokhudza ntchito ya maloya, zimene zidavomerezedwa ku Havana, m'dziko la Cuba, mu 1990, zimanena zonse ziwiri: loya akhale wokhulupirika pa zofuna za kasitomala wake, ndipo akaimbidwa mlandu wa mwambo umvedwe mwachangu, mwachilungamo, pamaso pa komiti yosakondera. Komiti ikapeza kulakwa, zilango zimayambira pa chidzudzulo ndi chindapusa, kulamula kubweza ndalama, kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi, mpaka kupempha kuti dzina la loya lifafanizidwe m'kaundula. Pa fayilo ngati ino, pamene pali kugwiritsa ntchito ndalama za kasitomala ndi kulemba bodza m'mabuku, chidzudzulo chokha sichingakwane.

Chilango cha loya sichidyetsa ana, choncho njira zina ziyende nthawi yomweyo. K2,000,000 yotsala itetezedwe msanga, isanapite kwa wokuwa wina. Khoti lipemphedwe kuchotsa mlamu pa udindo woyendetsa chuma ndi kumulamula kufotokoza mmene adagwiritsira ntchito K2,400,000. Kuba ndi mlandu wa ku polisi, ndipo dandaulo la ku bungwe silitseka khomo limenelo. Wosatha kulipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la Legal Aid Act la 2011. Lamulo la 2018 lidabweretsanso thumba la Fidelity Fund, limene maloya amasonkhamo, lopepesera anthu amene ataya ndalama chifukwa cha kusakhulupirika kwa loya. Thumbali n'losiyana ndi inshuwalansi imene loya amagula yoteteza pa zolakwa za kusasamala. Loya akaiwala kusuma mpaka zaka zitatu zoperekedwa pa milandu ya kuvulala zitadutsa, imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi. Akadya ndalama, ndi nkhani ya thumba lija.

Zimene mabungwe ndi aphunzitsi angatengepo

Kuti loya alandire chiphaso chogwirira ntchito chaka chilichonse, lamulo la 2018 limafuna zinthu monga kulipira chopereka cha ku bungwe ndi cha ku Fidelity Fund, kukhala ndi inshuwalansi, kugwira maola a ntchito yaulere yothandiza osowa, ndi kuchita maphunziro owonjezera. Maphunziro amenewa ndiwo khomo limene akatswiri a mwambo wa uloya angalowere, pamodzi ndi sukulu ya zamalamulo ya University of Malawi ku Zomba ndi Malawi Institute of Legal Education, kumene omaliza digiri amakonzekeretsedwa kulowa ntchito.

Kunja kuno akatswiriwa ali ndi bungwe lawo, International Association of Legal Ethics, limene lidakula kuchokera pa misonkhano yochitika zaka ziwiri zilizonse. Woyamba udachitikira ku Exeter, ku England, mu 2004, wachinayi ku Stanford, ku America, mu 2010, ndipo Deborah Rhode ndiye adali pulezidenti woyamba wa bungwelo. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa ofufuza, aphunzitsi ndi oyang'anira maloya kuti aone chimene chimathandizadi. Chimodzi mwa zimene ofufuza a mwambo wa uloya adatulutsa chikugwirizana kwambiri ndi fayilo yathuyi. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, maofesi a maloya olembetsedwa ngati makampani adafunsidwa kudziyesa okha pa mfundo khumi za kayendetsedwe ka ofesi, monga kulankhulana ndi kasitomala, kuchedwetsa ntchito, kusemphana kwa zofuna, kufotokoza malipiro ndi kusunga ndalama za makasitomala. Christine Parker, Tahlia Gordon ndi Steve Mark adasindikiza kafukufuku mu 2010 wosonyeza kuti maofesi amene adadziyesa, madandaulo owakhudza adatsika ndi magawo awiri mwa atatu. Maloyawo anali omwewo, malamulo a mwambo anali omwewo. Chimene chidasintha ndi chakuti ofesi idakhala pansi n'kuyang'ana mmene imagwirira ntchito tsiku ndi tsiku.

Malawi si Australia, ndipo ofesi ya loya mmodzi ndi kalaliki mmodzi singasenze mafomu a kampani yaikulu. Koma maganizowo akhoza kuchepetsedwa kufika pa tsamba limodzi. Kodi fayilo iliyonse ili ndi dzina ndi foni ya mwini ndalama weniweni? Kodi pangano la malipiro lidalembedwa ndi kuwerengedwa m'chilankhulo cha kasitomala? Kodi mabuku adayerekezedwa liti komaliza, ndipo adasainira ndani? Kodi pali ndalama imene yakhala mu akaunti kupitirira mwezi, ndipo chifukwa chake n'chiyani? Kodi fayiloyi idabwera ndi yani? Bungwe litamafunsa mafunso amenewa pa nthawi yopereka chiphaso, ndi kumayendera maofesi ena mwadzidzidzi kukaona mabuku, lingamve za K4,000,000 mwezi umene yachoka, osati patatha miyezi 14.

Mbali ina ndi ya anthu wamba. Malamulo a mwambo wa maloya ali m'Chingerezi, ndipo amene amapwetekeka kwambiri akaswedwa ndi anthu a ku Santhe, Chamama ndi Wimbe amene sadzawawerenga. Kapepala ka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kopezeka pa khoti la majisitireti, ku polisi ndi kwa mafumu, kangakwane kunena zinthu zochepa: munthu ali ndi ufulu woona chiphaso cha loya, wolandira lisiti, wodziwa ndalama zonse zimene zalipidwa pa mlandu wake, wolandira bilu yolembedwa, ndi wodandaula ku bungwe. Alangizi a zamalamulo a m'madera, monga a Paralegal Advisory Service Institute, ndiwo amafika kumene maloya safika, ndipo m'nkhaniyi ndi mlangizi wotere amene adatsegula fayilo ya khoti. Misonkhano ya mwambo wa uloya imene imaitana maloya okhaokha imasiya panja anthu amene amayamba kuona vuto.

Pophunzitsa nkhaniyi m'kalasi, ophunzira asauzidwe mathero. Apatsidwe sitetimenti ya banki ya miyezi itatu, masamba a leja a makasitomala anayi, kapepala kopanda tsiku kamene mlamu adasainira, ndi tsamba la mapepala a mlandu limene pali mayina a mkazi, ana ndi agogo awo. Gulu loyamba liyerekeze mabuku mpaka lipeze K4,000,000 ndi tsiku limene idachoka. Gulu lachiwiri lilembe, m'Chichewa, kalata imene ofesi ikadatumiza kwa mayi wamasiye pa tsiku limene ndalama zidalowa, yosonyeza gawo la aliyense mwa anthu asanu aja, zochotsedwa ndi chifukwa chake, ndi tsiku lolipira. Gulu lachitatu liimire loya pamaso pa komiti, chifukwa nayenso ayenera kumvedwa, ndipo lisiyanitse zimene angakane moona mtima ndi zimene sangakane.